Nkhani yanga ya mafumu ndi malupanga ikukana kuyenda, ndithandizeni

Tiyanjane wa ku Bangula:
Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Chiyambire mwezi wa June ndakhala ndikulemba nkhani yaitali ya fantasy m'Chichewa, ija ya maufumu ongopeka, malupanga ndi matsenga. Ndadzaza makope awiri. Muli mfumu yokhala m'linga lamiyala pamwamba pa phiri, asilikali a pa akavalo ovala zitsulo thupi lonse, ndi chinjoka cholavula moto. Dzulo madzulo ndimamuwerengera mng'ono wanga mutu woyamba tili pamkeka panja, poti m'nyumba simukukhalika ndi kutenthaku. Nditafika pamene mwana wa mfumu akunjenjemera, chipale chofewa chikugwa, iye anandidula: "Achemwali, chisanu chakecho chimapweteka pati?" Ndinangoti kukamwa yasa, thukuta lili kamukamu. Chipale chofewa ndimangochiona m'mafilimu, kavalo sindinamugwirepo. Usiku ndawerenganso ndekha ndi tochi ya foni, ndipo anthu anga akuyenda ngati zidole. Koma nkhani za mtundu umenewu ndimazikonda ndi mtima wonse. Nditani? Makopewa nditaye?

Fatsani wa ku Nchalo:
Musataye chilichonse, achemwali. Ine mabuku amenewa ndi amene amandisunga ndikaweruka kumunda wa nzimbe. Ndimawerengera pafoni mpaka batire kuthera m'manja. Ndipo ndinene pachiyambi pomwe, wina asanabwere kudzati mwana wa kuchigwa azilemba za kuchigwa basi: muli ndi ufulu wolemba za malinga ndi akavalo. Mutu wa munthu ulibe malire a boma.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ufulu ali nawo, a Fatsani, palibe akukana. Koma funso la kamtsikanako ndi la nzeru kuposa mmene mukulionera. Tiyanjane mwana wanga, amene analemba mabuku omwe ukuwakondawo sankalemba zakutali. Tenga Tolkien. Anabadwira ku Bloemfontein m'chaka cha 1892, koma anakulira kumidzi ya ku England, ntchito yake inali yophunzitsa Chingerezi chamakedzana ku Oxford, ndipo mu 1916 anali m'maenje a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku Somme, ku France. Ndakatulo za makolo ake ankazidziwa ngati mmene agogo ako amadziwira nthano za kalulu. Matope ndi mantha a nkhondo anazilawa yekha. N'chifukwa chake dziko lake lopeka limanunkha ngati lenileni. Iwe ukukopera chithunzi cha chithunzi, ndiye chikutuluka chotuwa.

Fatsani wa ku Nchalo:
Pamenepo ndavomera. Ndipo mukudziwa kuti dera lina m'mabuku ake limalembedwa Shire, zilembo zake ngati za mtsinje wathuwu? Katchulidwe ndiye kosiyana, ndipo palibe ubale, koma tsiku loyamba kuliona mtima unagunda.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Tsono tiyeni tione bwinobwino nyengo ya malinga ndi akavaloyi. Azungu akamati Middle Ages, kapena kuti nyengo ya pakati, akunena zaka za pakati pa 500 ndi 1500, kuchokera pamene ufumu wa Roma wakumadzulo unagwa mu 476 kufika nthawi ya makina osindikizira mabuku a Gutenberg cha m'ma 1450. Ambiri timaganiza kuti zaka zimenezo kuno kunali tchire lokhalokha. Ayi ndithu. Nthawi yomwe ku Ulaya ankamanga malinga, ku Great Zimbabwe anthu ankasanja miyala popanda dothi lomatira, khoma lina kutalika mamita 11, ndipo lilipo mpaka lero. Golide ankatsikira ku Sofala n'kupita ku Kilwa, mzinda umene Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anauona mu 1331 n'kuuyamikira kukongola. Kwathu kuno, katswiri wofukula zakale a Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Tangoganiza, mbale kuchoka ku China kufika m'manja mwa mfumu ya Amaravi. Inadutsa m'manja angati, pamadzi angati? Imeneyo payokha ndi buku.

Ndipo chigwa chathu chino chinali dziko la Lundu, mfumu ya Amang'anja. Amang'anja ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, kusula makasu, kutcheza mchere, ndi kuluka nsalu za thonje zotchedwa machila zomwe zinkagulidwa mpaka ku Zambezi. Ukufuna linga? Mu 1592 ankhondo otchedwa Azimba, amene akatswiri ena a mbiri amawalumikiza ndi Lundu, anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete. Chaka chotsatira Apwitikizi anabweranso ndi mfuti zikuluzikulu, n'kupeza mpanda wa mitengo wa mizere iwiri, kunja kwake kuli ngalande yakuya. Anauzinga kwa miyezi iwiri osaulowa, mpaka anabwerera. Ukufuna mafumu awiri olimbirana dziko? Mu 1622 Kalonga Muzura anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo. Zimenezi zinachitika nyengo ya pakati ija itangodutsa, koma kwa wolemba nkhani yopeka ndi nkhokwe yosatha.

Tiyanjane wa ku Bangula:
Aphunzitsi, za Lundu ndi Kalonga tinaphunzira, koma ndinkangoloweza kuti ndikhoze mayeso. Za mpanda ndi ngalandezo ndikuzimva lero. Thupi langa lachita tsembwe.

Nasibeko wa ku Chikwawa:
Ine ndilowerere pa akavalo. Mng'ono wanga, ukudziwa chifukwa chake makolo athu sankamenya nkhondo ali pa kavalo? Ndi kashembe. Kachilombo kamene ntchentche imeneyi imafalitsa, kofanana ndi kaja koyambitsa kaodzera kwa anthu, kamapha akavalo ndi ng'ombe. Choncho ukaika gulu la akavalo m'dziko lofanana ndi lathu, wowerenga wa kuno mtima sumukhala pansi ngakhale sakudziwa chifukwa.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
A Nasibeko, anamwino athu, mwandikumbutsa. Mpwitikizi Francisco Barreto anafika ku Sena cha m'ma 1571 ndi asilikali ochuluka ndi akavalo, akufuna migodi ya golide ya mfumu Mwene Mutapa. Akavalo anayamba kufa, asilikali nawo malungo. Iwo posamvetsa ananamizira amalonda achisilamu a pamalopo kuti athira chiphe, n'kuwapha mwankhanza. Sena ali pafupi, mukadutsa Marka n'kulowa mu Mozambique. Dziko lenilenilo linawakana, iwo n'kulanga anthu osalakwa.

Fatsani wa ku Nchalo:
Ndiye onjezani ndi zitsulo zija. Zovala zachitsulo za msilikali wa ku Ulaya zinkalemera makilogalamu 20 kapena kuposera pang'ono. Muvaleni munthu zimenezo, mumuimike pamsewu wa M1 pa Nchalo mwezi wa October masana, kutentha kutadutsa madigiri 40. Sipafunika mdani. Komabe ine ndikuumirira: ngati Tiyanjane akufuna dziko lozizira, alembe lozizira. Angofufuza mokwanira. Akwere ku Thyolo kapena ku Dedza mwezi wa July, atuluke panja mbandakucha wopanda juzi, amve mmene zala zimaumira, ayambire pamenepo. Tisamutsekere m'chigwa ngati mbuzi m'khola.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Sindikumutsekera, achimwene. Ndikumuonetsa khomo lomwe sanaligogodepo.

Mai a Chisomo, Johannesburg:
Moni a kwathu. Ine ndine wa ku Makhanga, kuno ndinabwera madzi a 2015 atatitengera nyumba. Ana anga akukula ndi mabuku a Chingerezi a zinjoka ndi mafumu, amawakonda kwabasi. Tsiku lina wamkuluyo anandifunsa ngati kwathu kuli zinjoka. Ndinamuuza za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe chikamasamuka kupita kumadzi chimagumula miyala, mitengo ndi midzi. Mwana anasiya kudya n'kumangondiyang'ana. Kenaka anati, "Amayi, ndiye chimene chinatichotsa kwathu?" Ndinalephera kumeza. Tiyanjane, chinjoka chako chikulavula moto chifukwa cha kwa eni ake chimatero. Ife chimene chimatiopsa usiku si moto. Ndi mkokomo wa Ruo ukamamveka mumdima, agalu atasiya kuuwa, madzi akulowa pansi pa chitseko mwakachetechete. Amene anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 safuna kuwafotokozera. Ulembe chilombo cha madzi, ana angawa adzawerenge m'chilankhulo chawo.

Tiyanjane wa ku Bangula:
Mayi, ndawerenga misozi ili m'maso. Ifenso tinagona m'kalasi masabata angapo nthawi ya Freddy. Sindinaganizepo kuti zimenezo zingalowe m'nkhani ya fantasy. Ndinkaona ngati ndi mavuto chabe, osati nkhani.

Chikondi wa ku Thabwa:
Nanga bwanji osangotenga nkhani ya Mbona? Zonse zilimo kale. Wovumbitsa mvula, adani omulondola, zida zachitsulo zolephera kumulasa mpaka iye mwini ataulula chomuphera, magazi kusanduka mtsinje pa Ndione, mutu kukaikidwa ku Khulubvi. Mungomupatsa lupanga lowala ndi gulu la ankhondo, buku latha.

Agogo Chapananga a ku Nsanje:
Mwana iwe wa ku Thabwa, dekha pang'ono. Ine ndine mkhristu, ndakalambira m'tchalitchi, koma ndinabadwira kufupi ndi nkhalango imeneyo ndipo sindingakhale chete. Mbona si kalulu ndi fisi. Ku Khulubvi kuli kachisi mpaka lero, kuli omusamalira, kuli mafumu amene amasenza udindo wake, ndipo kunali kukhala mayi wotchedwa Salima, mkazi wa Mbona. Munthu sulowako mwachisawawa, nsapato kuphazi, zovala zoti mbee. Mtengo wa m'menemo sudulidwa, n'chifukwa chake nkhalangoyo yatsala pamene kwina konse kwayera. Mvula ikavuta alipo anthu amene amayang'ana kumeneko ndi mtima wonse. Mu 2011 malowa analembedwa pa mndandanda wa malo omwe dziko lathu likufuna kuti UNESCO iwazindikire. Tsono iwe ukuti timupatse lupanga lowala azidumpha ngati wa m'filimu? Azungu amene mukuwatchulawo ankatenga milungu yomwe anthu awo anasiya kuipembedza kalekale. Wathuyu eni ake alipo, ndi amalume a wina pagulu pompano.

Sindikuti musalembe. Malemu Steve Chimombo analemba sewero la Mbona, The Rainmaker, ndipo anachita kufufuza. Koma ngati mwana wathuyu akufuna kupeka momasuka, apeke dziko lake, mfumu yake, wamvula wake ndi dzina lina. Atape nzeru, asatape dzina.

Chikondi wa ku Thabwa:
Pepani agogo, ndinalankhula mothamanga. Sindimafuna kunyoza.

Agogo Chapananga a ku Nsanje:
Palibe mlandu, mdzukulu wanga. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Fatsani wa ku Nchalo:
Agogo, ndi ulemu wonse, pali kanthu kamodzi kakundivuta. Tikati chilichonse chopatulika chisakhudzidwe, ana athu adzadziwa milungu ya ku Norway ndi ku Greece kuposa Mbona, chifukwa iyo ili m'mabuku ndi m'mafilimu. Kubisa kwambiri nakonso kumapha.

Agogo Chapananga a ku Nsanje:
Wanena zoona, ndipo zimandiwawa. Ndiye wofuna kulemba za Mbona weniweni apite kwa eni ake, akhale pansi, apemphe, amve zomwe angamuuze ndi zomwe sangamuuze. Limenelo ndi buku lina, lofuna zaka. La Tiyanjane ndi lopeka, ndipo lopeka lili ndi njira yake.

Nasibeko wa ku Chikwawa:
Popeza tafika pa zopatulika, ndili ndi pempho langa kwa onse olemba. Mdani wa m'nkhani yanu asakhale gogo wamkazi wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wamaso ofiira. Ku Ulaya mfiti ya m'buku imathera m'buku. Kuno ayi. Ndinasokapo bala la pamutu la gogo wina amene adzukulu ake omwe anamugenda, mwana atamwalira ndi malungo. Maso ake anafiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi asanu akuphikira anthu omwewo. Pamene ndimamusoka ankangofunsa ngati mbuzi zake zatsekeredwa. Nkhani zathu zisathire mafuta pamoto umenewo. Matsenga alembeni, koma oipa akhale amphamvu: nduna yadyera, wamalonda ogulitsa anthu, mfumu yomwe yalanda kachisi.

Ndipo ngati mukufuna chida choopsa, siyani lupanga, tengani muvi wopaka kombe. Chomera chimenechi chimayanga m'nkhalango za kuno, ndipo alenje ankapaka njere zake zosinja kumivi. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi Livingstone mu Shire muno kuyambira 1859, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Kuchokera apo ku Ulaya anapangako mankhwala a mtima. Chinthu chimodzi, kupha ndi kuchiza. Mlembi angafunenso chiyani?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndionjezere pa matsenga. Vuto la olemba ongoyamba ndi lakuti wamatsenga wawo amatha chilichonse, ndiye nkhani imakhala zii ngati ndiwo zopanda mchere. Makolo athu ankadziwa kuti mphamvu ili ndi mtengo wake. Wosungunula chitsulo ankamanga ng'anjo kutali ndi mudzi, ndipo masiku onsewo sankagona ndi mkazi wake, apo ayi chitsulo sichituluka. Taganizani za mdulo, za munthu wotentha ndi wozizira, za amene saloledwa kuthira mchere m'ndiwo. Malamulo alipo kale, ndipo wowerenga wa kuno amawamva m'mafupa. Wamvula wako akaitana mvula, ataye kanthu. Akaphwanya mwambo, wina wapamtima adwale.

Ngakhale milandu tinkafanana nawo. Ku Ulaya woganiziridwa ankamugwiritsa chitsulo chamoto kapena kumuponya m'madzi kuti Mulungu aweruze, mpaka mu 1215 mpingo unaletsa ansembe kutengapo mbali. Kuno unali mwabvi, womwe boma la atsamunda linauletsa ndi lamulo la 1911. Nkhanza zofanana, mantha ofanana.

Chenjezo limodzi: anthu ako asadye nsima ya chimanga. Chimanga, chinangwa, tomato, tsabola ndi mbatata zinachokera ku America pambuyo pa 1492. Adye nsima ya mapira ndi mchewere, amwe mowa wa mawere ndi uchema, ana azibwira malambe.

Joni msodzi, Chiromo:
Moni mabwana. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga amandiwerengera zimene mukulembazi ndipo ndati ndiponyepo. Mukufuna linga la miyala chifukwa chiyani pamene dambo lilipo? Mu Elephant Marsh mlendo akalowa yekha satuluka. Njira ya lero mawa yatsekeka, chifukwa zisumbu za udzu zimayenda ndi mphepo. Bango ndi gumbwa zimatalika kuposa munthu woimirira m'bwato, suona phiri, suona mudzi, umangoona kumwamba. Ife timadziwa njira poyang'ana kumene madzi akukokera udzu wapansi. Mfumu yobisala m'menemo ndani angaigwire? Akavalo ake ndi mabwato a mtondo, alonda ake ndi ng'ona ndi mvuu. Njala ikavuta anthu ake akumba nyika pansi pa madzi ngati mmene timachitira ife chaka choipa, mtima uli m'mwamba kuopa ng'ona. Koma namasupuni musamuikemo, agogo anga ankati m'nthawi yawo kunalibe.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
A Joni, mwaphunzitsa mphunzitsi. Namasupuni kwawo ndi ku South America, anabwera posachedwa. Ndipo dambolo Livingstone analitcha dzina limenelo ataona njovu pafupifupi 800 malo amodzi. Tiyanjane, bwezeramo njovuzo.

Tiyanjane wa ku Bangula:
Takhuta nonse, sindinagone. Makope aja sinditaya. Msilikali mmodzi wa zitsulo ndamusunga, a Fatsani musadandaule, koma tsopano ndi mlendo wochokera kutsidya la nyanja, kavalo wake akudwala, iye sakudziwa chifukwa. Dziko ndalitcha dzina lopeka ndekha, wamvula ndi mtsikana wopeka, ndipo agogo, ku Khulubvi sindinakhudzeko. Nachi chiyambi chatsopano, mundiuze mosabisa:

"Chaka chachitatu chopanda mvula, ng'oma ya ku linga inalira usiku. Nsomba zinali zitatha m'mathamanda, ndipo amayi ankabwera kudambo ndi nyika zochepa zosadzaza lichero. Ndamera anamva ng'omayo ali kuseri kwa ng'anjo ya atate ake, kumene mwana wamkazi saloledwa kufika. Anadziwa kuti akufuna iye. Anamanga mchere pang'ono pansonga ya chila lake, natsikira kudooko osatsanzika munthu. Kumtunda kunkamveka chinyama chachilendo chija chikutsokomola, ndi zitsulo za mwini wake zikulira ngwe, ngwe, pamene ankachikoka. Ndamera anakankha bwato, nalowa m'bango mwakachetechete, nkhafi osaimvetsa ngakhale kamodzi."

Mai a Chisomo, Johannesburg:
Ndawawerengera ana. Wamng'onoyo akufunsa kuti mcherewo ndi wachiyani. Ndamuuza adikire mutu wachiwiri.

Fatsani wa ku Nchalo:
Kavalo wotsokomola mumdima uja wandigwira. Koma msilikaliyo musamupange chitsiru, achemwali. Naye akhale ndi kwawo, ndi amake omudikira, ndi chifukwa chomwe anawolokera nyanja. Tsiku lomwe kavaloyo adzafe, ndikufuna ndidzalire naye.

Agogo Chapananga a ku Nsanje:
Wayamba bwino, mdzukulu wanga. Mawu akuti dooko ndinali nditatenga nthawi osawaona olembedwa.

Joni msodzi, Chiromo:
Zili bwino mwana wanga, koma pamapetopo pali ngozi. Usiku m'dambo sitiyenda chete. Timagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go, go, go, kuti mvuu imve kuti kukubwera anthu, ivuuke patali tiione, tiilambalale. Ukaidzidzimutsa, makamaka ya mwana, bwato imaliswa pakati. Ndiye mtsikana wakoyo akagogoda, asilikali amumva. Akapanda kugogoda, ali m'kamwa mwa mvuu.

Tiyanjane wa ku Bangula:
Bambo Joni, ndiye agogode kapena asagogode? Inuyo mukanatani?

Joni msodzi, Chiromo:
Ine ndikanadikira achule ayambe kulira, n'kumagogoda pamodzi nawo. Koma ubwere Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere, ubwere ndi mng'ono wakoyo ndi chilolezo cha amayi ako. Ndikakulowetsani pang'ono m'bango, ukamve wekha mmene bwato limanjenjemerera mvuu ikapuma pafupi. Kope ulikulunge m'pulasitiki.